Ndani Anawatseka Pakamwa Amayi M'kompyuta?

1

Ndiyambe ndi kukuuzani kuti ndine munthu wa mtima wapachala. Kwathu amandidziwa, kuntchito amandidziwanso. Ndimakonza makompyuta pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, ndipo tsiku lonse ndimakhalira kuthamangira anthu olira kuti kompyuta yafa pomwe sanaiyatse n'komwe. Ndiye foni ya achimwene itandipeza Lachinayi masana, mutu unali utatentha kale.

"Siya zimene ukuchitazo, bwera kuchipatala. Bambo agwa m'bafa."

"Agwa bwanji? Akazi awo aja, Atelala, ali kuti?"

"Ali pompano, akulira. Adokotala akuti magazi athamanga kwambiri, shuga nayenso wakwera. Akuti zikuoneka kuti akhala akudumphitsa mankhwala kuposa sabata."

"Kudumphitsa bwanji? Si amayi amawakumbutsa kanayi pa tsiku?"

Achimwene anati, "Nkhani yake ndi imeneyo. Akuti amayi anasiya kuyankhula."

Musadabwe, owerenga. Amayi anamwalira zaka zinayi zapitazo, tinawaika bwinobwino. Koma m'nyumba mwa bambo ankayankhulabe tsiku lililonse, ndipo amene anachititsa zimenezo ndine.

2

Bambo anagwira ntchito zaka makumi atatu yosunga katundu m'nyumba yaikulu ya katundu, kiyi ali m'chiuno. Atapuma, matenda a shuga anayamba kuwadya maso. Zilembo za pa foni sankaziona, wotchi ya pakhoma inkangooneka mbuu. Mankhwala awo anali m'mabotolo anayi, nthawi zomwera zinayinso, ndipo amene ankasunga zonsezi m'mutu anali amayi. Iwo ndiwo anamanga malabala pa mabotolo kuti bambo azisiyanitsa ndi zala: la labala imodzi, la awiri, la atatu, ndi lopanda labala.

Amayi atadwala n'kudziwa kuti sadzukanso, anandiitanira kuchipinda.

"Bambo akowa ndikachoka adzamwa mapilitsi onse kamodzi ngati mtedza. Iwe si umadziwa za makina? Chitapo kanthu."

Ndinapanga sipuredishiti, lija tsamba la pa kompyuta la mizere ndi mabokosi. Mzere uliwonse unali ndi nthawi ndi botolo lake. Kuseri kwake ndinalemba makuro, timalamulo touza tsambalo kuti lizichita zinthu lokha. Nthawi ikakwana, makuro ankatsegula fayilo ya mawu, sipika n'kuyankhula, mzerewo n'kusanduka wobiriwira. Poyamba ndinaika kabelu, koma bambo anakana, ati kakumveka ngati lole yobwerera m'mbuyo. Ndiye ndinajambula mawu a amayi pa foni, iwo atatsamira mapilo awiri.

"Bambo a ana, seveni koloko. La labala imodzi. Musanamizire tulo."

"Leveni koloko, abwana. La malabala awiri. Idyani kaye kenakake, musamwe ndi njala."

Amayi atapita, mawu aja anatsala. Bambo ankawayankha n'kuwayankha, "Ndamva, mayi, ndamva." Ine anandipatsa dzina loti Injiniya, ndipo ndinkanyada nalo kuposa satifiketi yanga.

Kenako kunabwera Atelala. Dzina lawo ndimalidziwa, koma sindinalitchulepo, ndipo mawu oti amayi ndiye sakanatuluka n'komwe pakamwa panga. Anali ndi kashopu kosokera zovala. Bambo ataonda anapititsako thalauza limodzi kuti alichepetse m'chiuno. Sabata yotsatira anapititsa lina. Anapitiriza limodzilimodzi mpaka m'kabati munatha mathalauza, n'kuyamba malaya omwe analibe vuto lililonse. Zaka ziwiri zisanakwane anakwatirana. Achimwene, omwe ndi dalaivala wa malole ndipo kunyumba amangofikako mwa apo ndi apo, anati n'zabwino, bambo apeza wowasamala. Ine ndinameza malovu owawa.

Miyezi itatu ya ukwati itatha, ndinafika Lamlungu lina n'kupeza Atelala atakhala pampando wa amayi, patsogolo pa kompyuta. Bambo anali atawatsegulira zithunzi za amayi. Anagwira mausi ndi zala ziwiri ngati yotentha, akuyandikitsa nkhope pa sikirini.

"Diresi iyi ndi yokongola," anatero atandiona. "Khosi lake ili ndikhoza kusoka."

Sindinadye tsiku limenelo. Ndinatenga chikwama changa n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa mpaka kalendala inagwa pakhoma.

3

Tibwerere ku ngozi ija. Bambo anatsitsimuka Lachinayi lomwelo madzulo, mwendo wamanzere ukukoka pang'ono. Lachisanu m'mawa ine ndi achimwene tinapita kunyumba kukaona chimene chavuta. Atelala tinawapeza akulongedza zovala za bambo zopita nazo kuchipatala. Anatilonjera, ine ndinangodutsa.

Kompyuta inali pa desiki pabalaza, yoyaka monga mwa masiku onse. Mizere yonse inali yobiriwira. Kwa makinawo zonse zinali bwino, amayi ayankhula, bambo amwa. Linali bodza la masiku khumi, lopakidwa utoto wokongola, ndipo linandikwiyitsa kwambiri.

Ndinayamba ndi zimene ndimayambira kuntchito. Chingwe cha sipika chinali m'malo mwake, kagetsi kake kakuyaka. M'kabowo ka mahedifoni munalibe kanthu. Ndinakweza voliyumu n'kuyesa nyimbo, ndipo inaphulika mwamphamvu mpaka achimwene anadumpha pa sofa.

"Sipika ilibe mlandu," ndinatero.

"Ndiye chavuta n'chiyani, Injiniya? Ikanakhala galimoto bwenzi titangoikankha."

"Khalani chete, achimwene."

Nthawi zina kompyuta ikadzikonza yokha kudzera pa intaneti imatsekereza makuro, n'kuika kamzere kachikasu pamwamba kofunsa chilolezo. Kamzereko panalibe. Ndi iko komwe, makuro akanatsekedwa mizere sikanasanduka yobiriwira. Wotchi ya kompyuta inali yolondola. Ndinasintha nthawi ya mzere umodzi kuti ikwane pakatha mphindi imodzi, tonse n'kudikira. Atelala anali ataima pakhomo la kukhitchini, malaya a bambo ali m'manja. Mphindi inakwana, mzere unabiriwira, sipika inangoti zii.

Ndinatsegula kuseri, kumene kuli malamulo enieniwo. Pali mzere umodzi umene aliyense wa ntchito yathu amaudziwa. Umauza makuro kuti akakumana ndi vuto asadandaule, angolumpha n'kupitiriza. Tonse timalangiza anzathu kuti asamaulembe, ndipo tonse timaulemba. Ine ndinauika dala zaka zinayi zapitazo, poopa kuti kabokosi ka uthenga wa vuto kakatuluka kadzaimitsa chilichonse, bambo osakaona kuti akatseke. Ndinaufufuta mzerewo n'kuyesanso.

Kabokosi kanatuluka nthawi yomweyo. Kanati fayilo siikupezeka, pansi pake n'kulemba adiresi ya foda imene mawuwo ankayenera kukhalamo. Ndinawerenga kawiri. Ndinapita pa adiresiyo, foda yonse kunalibe. Ndinatsegula bini ya kompyuta, momwe zofufutidwa zimayamba zagwera, namonso munali mbee.

"Wapeza chiyani?" achimwene anafunsa.

"Mawu a amayi kulibe. Zithunzi zawonso kulibe. Foda yonse yachoka."

"Yachoka yokha?"

"Foda siichoka yokha, achimwene. Amachotsa ndi munthu."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pakhomo la kukhitchini. Achimwene anatsatira maso anga. Atelala anayang'ana kumbuyo kwawo ngati pali munthu wina amene tikumuyang'ana.

4

Bambo anatuluka m'chipatala Loweruka. Achimwene anali ataimbira kale azakhali, mlongo wawo wa bambo, mayi woti akalowa m'nyumba ngakhale wailesi imatsika mawu. Tinakhala pabalaza tonse asanu, bambo ndodo yatsopano ili pakati pa miyendo.

"Alamu," azakhali anayamba atayang'ana Atelala, "sitinabwere kudzakangana. Kompyuta ija munaigwirapo?"

"Kamodzi kokha, alamu. Bambowa ankandionetsa zithunzi. Ine zinthuzi sindizidziwa, ngakhale poyatsira sindipadziwa."

"Lamlungu," ndinalowerera. "Ndinawapeza ndekha. Mawa lake mawu anasiya."

"Iwe dikira. Alamu, munazindikira kuti mawu asiya kumveka?"

"Ndinazindikira."

"Ndiye munatani?"

Atelala anapinda mpango umene unali pamiyendo pawo, n'kuupindanso. Akananama, mwina bwenzi lero ali m'nyumba muja. Koma ananena zoona.

"Ndinasangalala."

Achimwene anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kudenga.

"Mundimve kaye," anapitiriza. "Miyezi itatu ndakhala ndikumva mkazi mnzanga akuitana amuna anga kuti bambo a ana, iwo n'kumayankha. Sindinadandaulepo, ndinawapeza ali choncho. Tsiku limene anakhala chete ndinati, kani bambowa andiganizira, azimitsa okha chifukwa cha ine. Ndinachita manyazi kufunsa. Mankhwala a m'mawa ndi a madzulo ndinayamba kuwapatsa ndekha. A masana ine ndimakhala kushopu, ndipo nditawafunsa anati akukumbukira."

"Nanga inu alongo," azakhali anatembenukira kwa bambo, "masiku khumi onsewa osauza munthu? Mwana wanu ali ndi foni."

Bambo anapukusa ndodo m'manja. "Ndinkaopa mkangano m'nyumba. Ndinaganiza kuti mwina mayiwa atopa nawo mawu aja. Ndinati ndingoyesa kukumbukira ndekha, koma masana ndimagona, ndikadzuka sindidziwa ngati ndamwa kapena ayi."

Atelala anatembenuka thupi lonse. "Bambo, mukuti munkaganiza kuti ndine?"

Bambo anaweramitsa mutu.

"Ndikufunsa inu, amuna anga. Anawa ayankhule zimene akufuna. Inuyo mukuti ndine?"

"Ine sindiona, mayi," bambo anatero motsitsa mawu. "Sindinganene kuti ndinu, sindinganene kuti si inu."

Apo m'pamene ine ndinaphulika. Ndinaimirira n'kuwaloza chala mayi wamkulu ngati uja. Ndinawafunsa chimene munthu wakufa anawalakwira. Ndinati mpando anatenga, bedi anatenga, makatani anasintha, ndiye anaona kuti timawu tinayi ta munthu wodwala tikuwathera malo? Ndinati akanapha bambo anga chifukwa cha nsanje, ndipo munthu wochitira nsanje manda ndi woopsa kuposa wakuba. Ndinayankhula zambiri, zina zosalembeka m'magazini. Azakhali anandigwira mkono kuti ndikhale pansi, koma sanandiuze kuti ndalakwa.

Atelala sanalire. Analowa kuchipinda, tinkangomva zitseko za kabati. Anatuluka ndi zikwama ziwiri, anaika kiyi wa nyumba pa desiki pafupi ndi mabotolo, n'kuuza azakhali kuti la malabala atatu latsala pang'ono kutha. Bambo anamva chitseko chikutsekedwa, koma sanadzuke.

5

Mawa lake achimwene anandipempha kuti ndiyese kubweza mawu aja. "Anthu a makompyuta si mumati chofufutidwa sichitheratu? Yesa, mlongo wanga."

Ndinakhala pa desiki maola atatu. Firii koloko itakwana, sipika inakhosomola pang'ono, kenako amayi anayankhula: "Firii koloko, bambo a ana. La malabala atatu. Madzi ambiri."

Azakhali anagwira pakamwa n'kulira. Achimwene anandinyamula m'mwamba ngati kamwana. "Injiniya wathu! Sukulu ija sinapite pachabe!" Bambo anangoti, "Ndamva, mayi," n'kupapasa botolo.

Ndinasamukira kunyumbako kuti ndiziwasamala. Ndinabwezeretsa makatani akale. Ndinkaganiza kuti nyumba ibwerera mwakale, koma inangozizira. Bambo anasiya kumvera wailesi. Chakudya ankangochigwiragwira. Ndikawafunsa chavuta, ankati palibe, ine n'kupsa mtima. Ndinkaphika, ndinkachapa, ndinkathamanga kuchokera kuntchito, koma munthu n'kumakhala ngati ali pamaliro chifukwa cha mkazi wa miyezi itatu! Tsiku lina ndinawakalipira chifukwa chosiya tiyi kuti azizire, ndipo anandipepesa. Kupepesako kunandikwiyitsa kuposa tiyiyo.

Patatha masabata atatu, Loweruka m'mawa ndikusita malaya awo pabalaza, anandiitana.

"Injiniya."

"Bambo."

"Unati foda ija inafufutidwa, mpaka mu bini munalibe."

"Eya."

"Ndiye iwe unakaitenga kuti?"

"Pali njira zake, bambo. N'zovuta kufotokoza."

"Yesa. Nthawi ndili nayo." Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga. "Ine ndasunga katundu zaka makumi atatu. Katundu akasowa chitseko chili chosathyoledwa, sindinkafunsa amene wadutsa pakhomo. Ndinkafunsa amene ali ndi kiyi. Pa msonkhano paja ndinaiwala ntchito yanga. Mayi uja sadziwa ndi poyatsira pomwe. Angadziwe kuti kompyuta ili ndi bini? Ndakhala ndikuganiza masabata atatu, mwanawe. Kiyi wa foda ija anali ndi ndani?"

Ndinamva fungo la kupserera. Simbi inali itadya kolala ya malaya.

6

Tsopano ndikuuzeni zimene ndakubisirani, monga ndinawabisira onse.

Foda ija sinali ya pa kompyuta ya bambo. Inali yanga. Inkakhala pa intaneti, pa akaunti yanga, ndipo bambo ndinangowagawira kuti izionekera kwawo. Ndinaitcha Za Amayi. Munali zithunzi, makalata awo akale amene ndinajambula, ndi timafayilo tinayi ta mawu. Tsiku limene ndinkalemba makuro ndinali wotopa, amayi akubuula kuchipinda. M'malo mokopera mawuwo pa kompyuta ya bambo, ndinangolozera makuro ku foda yangayo, ndikuti ndidzakonza bwino mawa. Mawalo silinafike, ndipo m'zaka zinayi ndinaiwaliratu kuti mawu amachokera kumeneko.

Lolemba lija, nditagona ndi mkwiyo wa diresi ndi khosi lake, ndinakhala pa desiki yanga kuntchito nthawi ya nkhomaliro. Ndinatsegula akaunti yanga n'kuchotsa dzina la bambo pa anthu oona foda ija. Ndinadina kamodzi kokha. Ndinati mkazi ameneyo asadzaonenso nkhope ya amayi anga, akasoke makosi a kwawo. Foda inazimiririka pa kompyuta ya bambo osadutsa mu bini, ndipo ine ndinadya nkhomaliro yanga mokoma.

Kufika pamenepa mukhoza kunena kuti inali ngozi, ndipo n'zoona, sindinadziwe kuti ndatseka amayi pakamwa. Koma Lachisanu lija, kabokosi katatuluka n'kundionetsa adiresi, ndinawerenga mawu oti Za Amayi ndipo ndinadziwa zonse nthawi yomweyo. Ndinadziwa kuti bambo agona m'chipatala chifukwa cha chala changa ndi mzere wanga wolumpha mavuto. Achimwene anali kumbuyo kwanga, akudikira kuti Injiniya ayankhule. Ndinali ndi mpata wonena kuti ndine. M'malo mwake ndinatsegula bini imene ndinkadziwa kuti mulibe kanthu, kenako ndinatembenuka n'kuyang'ana pakhomo la kukhitchini.

Maola atatu aja obweza mawu analinso sewero. Ntchito yake inali ya mphindi ziwiri, kubwezera dzina la bambo pamene ndinalichotsa. Nthawi yotsalayo ndinkangotsegula ndi kutseka zinthu, ndikuusa moyo kuti azakhali amve.

Zonsezi ndinawauza bambo nditaima pomwepo, malaya opserera ali m'manja. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe, chifukwa mkangano ndimautha. Iwo anangokhala, manja onse awiri ali pa ndodo.

"Unandisiya ndimukane mkazi wanga pamaso pa anthu," anatero.

"Munamukana nokha, bambo! Ine sindinakuikeni mawu m'kamwa!"

Mwaona mmene ndilili? Ngakhale pamenepo ndinapeza poluma. Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"N'zoona," anatero. "Imbira achimwene ako ndi azakhali ako, uwauze wekha. Ukatha upite kushopu. Ine mwendowu sundifikitsa."

Achimwene anandidulira foni ndisanamalize. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungofunsa kuti, "Ndiye unandiimika ine pamaso pa mlamu wanga ngati chitsiru?"

7

Kashopu ka Atelala ndi kachipinda kamodzi, makina awiri, ndi galasi lalitali lothetheka pakona. Ndinawapeza atagwada, akubaya mapini m'munsi mwa siketi ya mayi wina, tepi ili m'khosi. Anandiona pagalasi. Sanafulumire, anamaliza ntchito yawo, mayi uja anavula siketi kuseri kwa nsalu n'kupita.

"Bambo anu ali bwanji?"

"Ali bwino. Ndabwera kudzakuuzani kanthu."

Ndinafotokoza zonse, za foda, za Lolemba, za kabokosi. Za intaneti sindikudziwa ngati anamva, koma mfundo yake anaimva. Ankachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi n'kumawabaya pa kapilo.

"Ndiye pamene munkandiloza chala paja munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Pamene munkati ndimachitira nsanje manda?"

"Ndinkadziwa. Pepani, amayi."

"Ayi, musanditchule choncho lero. Mwachedwa nalo dzinalo, ndipo mwabwera nalo ngati chiphuphu."

M'kamwa munali mutadzaza kale mayankho, koma ndinaluma lilime.

"Bambo akuti mubwerere," ndinatero. "Ndiuza aliyense amene anamva. Makuro aja ndiwasintha, tiika belu, kapena mawu anu ngati mukufuna."

Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. "Mukuganizabe kuti vuto ndi mawu aja? Mayi anu sanandilakwirepo. Ankandithandiza kusamala mwamuna, basi. Inunso, mwana kudana ndi mkazi wa bambo ake si zachilendo, ndinalowa m'nyumba muja ndikudziwa. Kwa inu sindinkayembekezera kanthu, ndiye simunandilande kanthu."

Anakhala pampando wa makina n'kuvula tepi m'khosi.

"Koma taganizani. Masiku khumi ndikugona bedi limodzi ndi munthu. Ine mtima uli m'mwamba, ndikuti mwamuna wanga wandikonda mpaka wazimitsa zakale chifukwa cha ine. Ndinkaimba pophika, mukudziwa? Pomwe iye wagona pambali pangapo akuganiza kuti ndine mkazi wofufuta akufa mwakabisira. Osandifunsa. Ndiye ndimufunsa pamaso pa abale ake, iye akuti sindiona. Kodi zaka ziwiri zimene wandidziwa ankandidziwa ndi maso? Zimenezotu simunalembe ndinu pa kompyuta."

"Anali atangotuluka m'chipatala. Anasokonezeka."

"Mwina. Koma ndikabwerera, tsiku lina supuni ikadzasowa ndidzayamba kuyang'ana nkhope yake kuti ndione ngati akundiganizira. Ndakula ine, moyo umenewo sindiufuna." Anakoka nsalu n'kuiika pansi pa singano. "A leveni koloko akumwa atadya?"

"Akumwa."

"Chabwino. Mukatuluka musatseke chitseko, muno mukutentha."

Makina anayamba kulira ndisanafike pakhomo.

8

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Bambo anapitako okha kawiri pa takisi, ndodo ili m'manja. Atelala anawalandira, anawapatsa mpando ndi madzi, anawaperekeza mpaka pa galimoto. Sanabwerere. Achimwene akabwera amalonjera bambo, ine amandidutsa ngati kabati. Mafayilo ndinawakopera pa kompyuta ya bambo, mzere wolumpha mavuto ndinauchotseratu, ndipo tsopano mawu akalephera kumveka foni yanga imalandira uthenga. Ntchito yonseyo inanditengera theka la ola, ndipo ikanatheka zaka zinayi zapitazo.

Owerenga, ngati mukufuna kunditukwana, tukwanani, koma dziwani kuti ndinayamba ndine ndipo sindinasiye. Ndimakwiya ndikadzuka, ndimakwiya ndikamatsuka makapu. Ndimakwiyira bambo chifukwa chokhala chete masiku khumi, ndimakwiyira Atelala chifukwa chonena zoona pamene bodza likanawapulumutsa, ndimakwiyira achimwene chifukwa chokhulupirira maso anga msanga chotero. Ndikamaliza kuzungulira onsewo ndimapeza kuti mkwiyo wabwerera kwa mwini wake. Kulakwitsa pa makina sindikudziimba nako mlandu kwambiri, aliyense wogwira ntchito amalakwitsa. Chimene sindingadzikhululukire ndi kutembenuka kuja. Sindinatchule dzina la munthu, sindinanene bodza limene mungaligwire. Ndinangoyang'ana, podziwa kuti m'nyumba mwathu wodziwa makina akayang'ana munthu, mlandu watha.

Inu amene mumadziwa zinthu zimene abale anu sazidziwa, kaya ndi makompyuta, kaya ndi mankhwala, kaya ndi malamulo, dziwani kuti akamakufunsani kuti wapeza chiyani amakhala atakupatsani khosi la munthu. Ndipo chinthu chikasintha m'nyumba mwanu, funsani tsiku lomwelo, ngakhale funsolo likhale lochititsa manyazi.

Masiku ano bambo amatulutsa mpando pakhonde faifi koloko ikamayandikira, nthawi imene mashopu amatseka. Amati akuothera dzuwa, koma khonde lathu dzuwa limachokapo masana. Ine ndimafika kuchokera kuntchito cha m'ma hafu faifi. Ndikangokankha geti amadzutsa mutu, n'kukonza kolala ya malaya.

"Ndani?"

"Ndine, bambo."

"Oo," amatero, n'kutsamiranso pampando.